Kodi Hedley Verity ameneyu anali ndani?

Mjomba wa Leeds: Akuluakulu funso kwa inu okonda kriketi. Kuno mtauni muli bala ina dzina lake The Hedley Verity, ndimadutsapo popita ku shifiti, nde dzulo madala ena amene timawasamalira kunyumba ya okalamba andiuza kuti dzinalo ndi la wosewera wa Yorkshire amene anafera kunkhondo ya Hitler. Akamba nkhani yake mpaka tiyi kuzizira, ine theka sindinamve chifukwa chizungu cha kuno mukuchidziwa. Aphunzitsi mulipo?

Wa Maule: Zayambikatu za kriketi kkkk. Masewera oti anthu amasewera masiku asanu kenako nkunena kuti palibe wawina

Aphunzitsi Opuma: Ndilipo mjomba. Madalawo sananame. Hedley Verity anabadwa pa 18 May 1905 komweko ku Headingley, dera lomwe kuli bwalo la Yorkshire lija, nde kuti mukukhala kwawo kwenikweni. Bambo ake ankagulitsa malasha, banja linasamukira ku Rawdon iye ali mwana. Anali woponya wa dzanja lamanzere, sipina, kutanthauza woponya mpira wosathamanga koma wokhota ukagunda pansi. Anamwalira pa 31 July 1943 ku Caserta dziko la Italy ali mkaidi wa nkhondo, zaka 38, kaputeni wa asilikali. Chimene chimandisangalatsa ine pa munthuyu nchoti anachedwa kutulukira. Anzake zaka 19 kapena 20 ali kale mu timu yaikulu, iye anayamba kusewerera Yorkshire mu 1930 ali ndi zaka 25, atazunzika m'matimu ang'onoang'ono a ligi ku Accrington ndi Middleton. Chifukwa chake pamalo akewo panali mkulu wina Wilfred Rhodes amene sankafuna kutopa, anasewera mpaka zaka 52 ndipo anagwetsa mawiketi (kutulutsa omenya) oposa 4,000, palibe anamufikapo mpaka lero. Nde iwe mwana ungalowe pati?

Sipina_BT: Bwana aphunzitsi ameneyu si uja wa 10 pa 10? Kochi wathu amamutchula tikamaponya mipira yophweka

Wa Maule: 10 pa 10 ngati mayeso a sipelingi?

Sipina_BT: Ayi akulu mvetserani. Timu yomenya imakhala ndi anthu 11, mukatulutsa 10 yatha chifukwa womenya sangatsale yekha. Nthawi zambiri oponya anayi kapena asanu amagawana, wina atatu wina awiri choncho. Iyeyu anatulutsa onse 10 yekha, ndipo pa mipira yonse imene anaponya anangomumenya marani 10 basi, marani ndiwo mapointi a kriketi. Mu mpira wanu wamiyendowo sindikudziwa ndingayerekeze ndi chani

Aphunzitsi Opuma: Eya ndi yemweyo. July 1932, Headingley, Yorkshire ndi Nottinghamshire, mwachidule Notts. Ndipo mmene gemuyo inayendera ndi pamene pali nkhani. Notts inayamba ndi 234. Yorkshire ili pa 163 anthu 9 atatuluka kunagwa chimvula, m'mawa mwake tsiku lomaliza kaputeni Brian Sellers anangoti basi ife tasiyira pomwepa, lowani inuyo, ali m'mbuyo ndi marani 71. Anthu ankaona ngati wapenga. Notts inafika 44 popanda wotuluka aliyense. Dzuwa litayamba kuwomba pa pichi yonyowayo, kanjira ka pakati pa bwalo pomwe mpira umagunda, Verity anayamba ntchito, timu yonse inathera pa 67. Maova 19.4 (ova imodzi ndi mipira 6), mwa amenewo 16 sanamumenye ran olo imodzi, ndipo 7 omaliza anawatulutsa pa mipira 15 yokha, atatu motsatizana. Mwa otulukawo munali Larwood ndi Voce, oponya othamanga omwe aja anakazunza Australia miyezi yochepa pambuyo pake. Kenako Holmes ndi Sutcliffe analowa nkumenya 139 yofunikayo osatuluka ndi mmodzi yemwe, pa pichi yomweyo. Zaka zoposa 90 zadutsa mbiri imeneyi palibe waiphwanya mu kriketi ya first class, ya matimu akuluakulu.

Nachisale Durban: Moni nonse. Aphunzitsi nanga Kumble uja wa ku India? Mesa nayenso anatulutsa 10

Aphunzitsi Opuma: Anatulutsadi achemwali, mu 1999 ku Delhi motsutsana ndi Pakistan, koma anamumenya 74. Jim Laker 1956 anamumenya 53, Ajaz Patel 2021 ku Mumbai 119. Awowo anachita mu Test, gemu ya dziko ndi dziko, nde ulemu wawo ndi wina. Wa Verity unali wa makaunti, matimu a zigawo za ku England. Koma kutchipa kwa marani 10 palibe. Ndipo sikanali koyamba, chaka cha 1931 pa tsiku lake lobadwa, akukwanitsa zaka 26, anatulutsanso 10 onse a Warwickshire pa marani 36 pabwalo lomwelo.

Wa Maule: Ine ndamva mwanena mvula kawiri konse. Ndiye kuti munthuyu ankadyera mvula eti? Chotsani mvulayo tione

Sipina_BT: Apa akulu mwalasa pang'ono ngakhale simukudziwa kkk. Nthawi imeneyo pichi sankaiphimba gemu ikayamba, mvula ikagwa imagwera pomwepo. Nde ikanyowa kenako dzuwa nkuwomba, pamwamba pamauma pansi pali pofewa, ngati dothi la makande m'mawa mvula itagwa usiku, limamata. Mpira ukagunda pamenepo umaluma nthaka, umakhota kwambiri komanso umadumpha mosayembekezeka, wina ukufika m'mawondo wotsatira pachifuwa. Masiku ano amaphimba ndi matenti nde ife sitinazionepo zimenezi. Sipina aliyense ankasangalala ikagwa mvula

Aphunzitsi Opuma: Zoona mwana wanga, koma funso nlakuti bwanji masipina enawo sankachita zomwezo? Mvula sinkagwera Verity yekha. Tsiku la 10 pa 10 lija Notts inalinso ndi oponya ake, sanatulutse munthu. Chimene anali nacho iye, anali wamtali ndipo ankaponya mothamangirapo kusiyana ndi masipina anzake, nde womenya analibe nthawi yosintha maganizo mpira ukadumpha. Pichi ikakhala youma yopanda kanthu ankangokumanga, mpira pamalo amodzimodzi ova ndi ova mpaka utopa wekha uchite zopusa. Taonani nambala: mawiketi 1,956 m'zaka 10 zokha, wiketi iliyonse pa marani 14.90. Ku England mvula imagwa inde koma osati tsiku lililonse kwa zaka 10. Yorkshire inatenga chikho cha makaunti ka 7 pa zaka 10 zimenezo.

Mjomba wa Leeds: Apo pa mvula aphunzitsi musatsutse kwambiri, kuno imagwa ngati yalipidwa kkkk. Madala aja amatchulanso Bradman Bradman, akuti ankamuopa

Aphunzitsi Opuma: Kuopa nkukokomeza, Bradman, womenya wa ku Australia uja, sankaopa munthu, avereji yake mu Test ndi 99.94. Koma chilungamo chake nchoti palibe woponya anamutulutsa kambiri mu Test kuposa Verity, ka 8. Gemu yotchuka ndi ya ku Lord's, bwalo la ku London, June 1934. England 440. Australia Loweruka madzulo ili pa 192 awiri okha atatuluka, mmodzi wa iwo Bradman, Verity anamugwira yekha mpira womwe anaponya ali pa 36. Lamulungu kunalibe masewera, mvula inagwa. Lolemba Verity anatulutsa anthu 14 tsiku limodzi. Australia inathera pa 284, inaperewera marani 7 okha kuti isabwezedwe kukamenyanso, inabwezedwa, nkuthera pa 118. Bradman kachiwiriko anatopa nako kumangidwa anamenya mpira m'mwamba ali pa 13, Les Ames nkuwugwira. Gemu yonse Verity 15 pa marani 104. Kuchoka apo England sinawinenso Australia pa Lord's mpaka 2009, tangowerengani zaka zimenezo.

Wa Maule: Mvulanso Lamulungu. Ndanenatu ine

Nachisale Durban: Inu a Maule khalani chete kaye. Ine chimene ndikudziwa anafikako kuno. Pa Kingsmead, bwalo la kuno ku Durban, anthu okonda kriketi sasiya kukamba gemu ya England ndi South Africa ya March 1939 imene inalibe tsiku lothera, anagwirizana kuti asewera mpaka wina awine. Inatenga masiku 10, England ikufuna 696 inafika 654 anthu asanu atatuluka, mvula nkubwera, basi anaisiya poti sitima yawo yapamadzi imadikira ku Cape Town ndipo sikanawadikiranso. Palibe anawina. Verity anali momwemo

Wa Maule: Masiku 10 palibe wawina. Abale ine ndikupuma

Aphunzitsi Opuma: Anali momwemo ndithu, anaponya mipira yoposa 700 gemu imodzi dzuwa la ku Durban, mvula imene a Maule akuinenayo siinamuthandize kanthu. Ndipo gemu imeneyo ili ndi chisoni chake. Mwa anthu 22 amene anasewera, atatu sanaione nkhondo kutha. Ken Farnes woponya wothamanga wa England, mphunzitsi mnzanga, anagwa ndi ndege mu October 1941 akuphunzira kuuluka usiku ku England konko. Arthur Langton wa South Africa anafa pa ngozi ya ndege ya nkhondo ku Nigeria mu 1942. Wachitatu Verity. Paulendo wa ku South Africa womwewo anzake akamacheza iye ankawerenga mabuku a zausilikali, anali ataona kale kuti nkhondo ikubwera.

Mai a Tadala: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilowe. Munthu wa zaka 34, mkazi kunyumba, ana aamuna awiri aang'ono, dzina lili kale pamwamba. Akuwerenga mabuku a nkhondo kuti atani? Anamukakamiza ndani? Ine zimandipweteka abambo akamatamandidwa kuti anali olimba mtima pamene amene anatsala ndi ana ndi mayi. Palibe bala imene ili ndi dzina la mayiyo

Sajeni Wopuma: Mayi mwafunsa bwino koma ndiyankheko monga munthu amene anavalapo yunifolomu. Ku Britain nkhondo itangoyamba September 1939 anakhazikitsa lamulo loti mwamuna aliyense wa zaka 18 mpaka 41 atha kuitanidwa. Nde zaka 34 sakanathawa, akanamupeza basi ngakhale mochedwerapo. Chimene anasankha iye ndi koti alowere kuti. Osewera ambiri otchuka anawapatsa ntchito yophunzitsa asilikali majowajowa kumakampu, iye analowa Green Howards, gulu la oyenda pansi la ku Yorkshire, January 1940 anamupatsa udindo wa ofisala kenako kaputeni. Oyenda pansi ndi amene amafa mayi, zimenezo aliyense wolowa amadziwa.

Mai a Tadala: Ndiye mwavomerezatu a Sajeni. Njira yopulumukira inalipo sanaifune

Sajeni Wopuma: Inalipo koma panalibe malo otetezeka kwenikweni. Len Hutton mnzake wa ku Yorkshire, uja anamenya 364 mu 1938, anali wophunzitsa majowajowa yemweyo, anavulala mkono mu jimu 1941 mpaka atamuchita maopaleshoni mkono wamanzere unatsala waufupi kuposa unzake. Bill Bowes mnzake wapamtima anagwidwa ku Tobruk 1942 anakhala mkaidi mpaka nkhondo kutha, anabwerako atatha thupi. Farnes mwamva kale. Komanso kumbukirani mabomba ankagwa m'matauni mwawo momwemo, Hull, Sheffield, olo Leeds yomweyo inalawako. Munthu ukamaona zimenezo kunena kuti ndikuteteza ana pokhala kunyumba sizimveka bwino mumtima. Sindikunena kuti mayi aja sanavutike ayi.

Nachisale Durban: Ine ndili mbali ya Mai a Tadala pang'ono. Komabe Hitler sanali munthu womusiya, wina ankayenera kupita. Vuto ndi loti aliyense amafuna apite mwamuna wa mnzake

Mjomba wa Leeds: Mmm apa Nachisale mwalankhula. Nde zinatha bwanji a Sajeni, anafa pomenyana pomwepo?

Sajeni Wopuma: Ayi, ndipo bola akanafera pomwepo. Tiyambe chonchi. Gemu yake yomaliza inali pa 1 September 1939 ku Hove ndi Sussex, tsiku lomwe Germany inalowa Poland. Magemu ena anaimitsidwa, iwo anati timalize. Anatulutsa 7 pa marani 9, Sussex yonse 33, anakwera basi kubwerera kwawo, sanasewerenso gemu yaikulu. Batalioni yake inapita ku Northern Ireland, 1942 India komwe anadwala kamwazi kwambiri, kenako Persia, Syria, Egypt. July 1943 analowa nawo chilumba cha Sicily pansi pa Montgomery. Masiku oyamba zinayenda, koma atafika kuchigwa cha Catania anakumana ndi majeremani atakumba maenje akuwadikira. Usiku wa pa 19 July B Company imene iye ankaitsogolera inatumidwa kukalanda malo ena. Taganizani, usiku, chigwa chopanda pobisala, minda ya tirigu wouma. Zipolopolo zinayatsa tiriguyo nde moto unawaunikira onse poyera, makina a mfuti akuwaona bwinobwino. Usiku ukamenyana chimene chimakupha ndi chisokonezo, sudziwa pulatuni ina ili pati, wailesi sizimveka, utsi. Iye anali kutsogolo akufuna anyamata ake afike panyumba ina ya pafamu pomwe zipolopolo zimachokera, chitsulo cha bomba chinamulasa pachifuwa. Amene anali pafupi ananena kuti ali pansi ankawauzabe kuti pitirizani. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, iye anatsala ndi msilikali wake womuthandizira, onse awiri anagwidwa.

Wa Maule: Eish. Apa sindiseka

Mai a Tadala: Zotsatirazo ndi zimene ine ngati namwino zimandivuta kuwerenga. Munthu wa bala pachifuwa amafunika agone malo amodzi, chubu chotulutsa magazi ndi mpweya, bala lisalowe dothi. Iye anamuyendetsa masiku angapo, kuwoloka nyanja pa Messina, ulendo wautali kukwera mpaka Naples, kutentha kwa July, zipatala zodzaza ndi ovulala, kenako Caserta. Kumeneko anamuchita opaleshoni kuchotsa mbali ya nthiti imene imakanikiza papo, ali maso, anangomubaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo. Inu amene simunaonepo, kudula nthiti munthu akumva phokoso lake si zinthu. Anaoneka ngati akuchira kenako magazi anayamba kutayika mkati, pa 31 July basi. Masiku 12 chivulazidwire. Lero bala lotero pachipatala chabwino ambiri amapulumuka

Aphunzitsi Opuma: Ndipo onani nthawi yake. Mussolini anachotsedwa pa 25 July, Verity ali mkaidi wovulala. Pa 8 September Italy inalengeza kuti yagonja. Anaperewera masabata ochepa. Kwawo uthenga wotsimikiza unafika pa 1 September 1943, zaka zinayi ndendende chisewerere gemu ya ku Hove. Bowes anamva ali mkaidi ku Italy komweko. Manda ake ali ku Caserta m'manda a asilikali, mu 1954 timu ya England ikupita ku Australia sitima itaima pa Naples, Hutton ali kaputeni anapita kukaika maluwa oyera, chizindikiro cha Yorkshire.

Chikondi_265: Pepani ndalowa mochedwa ndawerenga zonse. Nkhani ndi yomvetsa chisoni sindikukana, koma ine pali chimene chikundiwawa. Tili pano gulu la a Malawi tikudziwa tsiku, ola, munda wa tirigu, nthiti imene anadula mzungu ameneyu. Agogo awo a mayi anga anapita ndi Keyala nkhondo yomweyo sanabwere, kumudzi chimene amadziwa ndi choti anapita ku Burma basi. Manda kaya ali kuti. Chithunzi palibe. Nde tikulira wa eni?

Sajeni Wopuma: Mwana wanga chimene wanenacho ndi chachikulu. Anyamata a Nyasaland anamenya ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar, ndipo 1944 anali ku Burma m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, malungo akupha ngati zipolopolo. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu lija lachokera ku nkhondo ya pamalire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940. Koma ndikuuze chinthu, pa nkhondo yachiwiriyi maina ambiri a asilikali athu analembedwa, yesa kufufuza pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission ndi dzina lawo, kungoti malembedwe azungu ankapotoza maina nde yesa njira zingapo. Yoyamba ija ndi imene kunali nkhanza zenizeni. Bungwe lomweli linavomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a kuno ku Africa, sanalembedwe dzina paliponse, nkupepesa. Amtengatenga athu amene ankasenza katundu kupita ku Karonga ndi kupitirira ali m'gulu limenelo.

Aphunzitsi Opuma: Ndi zomwe John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza nkusiya akazi amasiye ndi ana. Nde funso la Mai a Tadala lija ndi la Chikondi ndi lakale. Koma ndisiyanitse pang'ono. Za Verity tikuzidziwa osati chifukwa cha khungu lokha, koma chifukwa kriketi ndi masewera olemba chilichonse, mpira uliwonse uli m'buku. Usiku womwewo ku Catania anafa anyamata ena a Green Howards, ana a m'migodi ndi m'mafakitale a ku Yorkshire, ndani pano angatchule mmodzi? Olo ku Leeds komweko sawadziwa. Iye anali kale munthu wa m'nyuzipepala asanavale yunifolomu.

Chikondi_265: Komabe aphunzitsi anyamata a m'migodiwo ali ndi mwala wolembedwa dzina ndi zaka, udzu ukutchetchedwa mpaka lero. Sizofanana

Aphunzitsi Opuma: Sizofanana, pamenepo sindikutsutsa.

Nachisale Durban: Chikondi ukafufuza udzatiuze. Ndipo funsa azigogo otsala dzina limene analembetsa, ambiri polowa Keyala ankasintha maina, amalume awo a bambo anga analembetsa dzina la abambo awo aang'ono

Mjomba wa Leeds: Ine ndikuona ngati zonse ziwiri zikhoza kukhala, kumumvera chisoni uyu sikuiwala athu. Koma ndibwerere kwa munthuyu, madala aja akuti anali wofatsa kwambiri, nde zikugwirizana bwanji ndi zija za Bodyline zomenya anthu ndi mpira? Mesa anali m'timu imeneyo

Sipina_BT: Anali momwemo ankolo, 1932 mpaka 1933 ku Australia, England inawina 4-1. Koma iye sipina sangavulaze munthu kkk, oponya m'nthiti anali Larwood ndi Voce. Ntchito yake inali kutseka mbali inayo kuti marani asatuluke othamangawo akupuma

Aphunzitsi Opuma: Koma tisamuyeretse kwambiri. Kaputeni wa ulendo umenewo Douglas Jardine, amene a ku Australia amamuda mpaka lero, Verity ankamulemekeza zedi moti mwana wake wachiwiri anamutcha Douglas. Woyamba anali Wilfred, dzina la Rhodes. Nde mukaona maina awiriwo mwamudziwa munthuyo, ankakonda anthu a mapulani, ouma mtima pantchito, osasekerera. Kufatsa kwake kunali kwa pakamwa, m'mutu munali masamu. Ine ndimaona kuti nchifukwa chake za usilikali zinamukoka, kuika anthu pamalo, kuwerenga mdani, kudikira. Kungoti kumeneko ukawerenga bwino sizitanthauza kuti chitsulo chikuphonya.

Sajeni Wopuma: Apo aphunzitsi ndikusiyana nanu pang'ono. Anthu amakonda kunena kuti masewera ndi nkhondo ndi zofanana, ayi. Pa bwalo wolakwa amatuluka nkukamwa tiyi. Mkulu wa kampani amatuma ana a eni kukalowa m'moto podziwa kuti ena sabwerako, ndipo lamulo lochokera kumwamba olo ukuona kuti malowa ndi oipa umapita basi. Kuwukira kwa usiku umenewo sikunaphule kanthu, Catania inagwa pa 5 August majeremani atayamba kubwerera okha. Ndi zimene zimawawa pa imfa zambiri za kunkhondo, ukafunsa kuti tinapindula chani usiku umenewo yankho palibe.

Mai a Tadala: Mwaona nde. Ine ndaima pomwe paja

Wa Maule: Funso la mbuli. Akanapulumuka akanasewerabe? 1945 ndiye kuti zaka 40, ku mpira kwathu ameneyo ndi kochi kale

Sipina_BT: Sipina sakalamba msanga akulu, sathamanga kwambiri, mphamvu ili m'zala ndi m'mutu. Anatsala ndi mawiketi 44 okha kuti akwane 2,000, iyeyo imeneyo inali ntchito ya mwezi umodzi ndi theka. Mu Test anali ndi 144 pa magemu 40

Aphunzitsi Opuma: Umboni ulipo. Makaunti atayambiranso mu 1946 Yorkshire inalibe sipina wamanzere, anakatenga Arthur Booth, munthu amene zaka zonse zija sankapeza malo chifukwa cha Verity, ndipo anali wamkulu kuposa Verity, zaka 43. Chaka chimenecho Booth anagwetsa mawiketi oposa 100, Yorkshire nkutenganso chikho. Nde ngati wa pabenchi wa zaka 43 anachita zimenezo, mwini malo wa zaka 41 akanatani? Bradman anabweranso ku England 1948 timu yake osagonja gemu olo imodzi, ku Headingley komweko anathamangitsa 404 tsiku lomaliza pa pichi yokhota England ikusowa sipina woti amalize ntchito, mpaka Compton ndi Hutton omenya kumapatsidwa mpira kuti aponye.

Nachisale Durban: Zaka 43 mu 1948, komanso atadwala kamwazi ku India, aphunzitsi musalonjeze zambiri. Bowes mwanena nokha kuti anabwera atatha

Aphunzitsi Opuma: Bowes anali wothamanga achemwali, ndi nkhani ina, ndipo olo iyeyo anasewerako Test imodzi mu 1946. Ine ndikuti tsiku lija la 404 Verity wa zaka 43 akanaposa Hutton woponya ndi mkono wa maopaleshoni, pamenepo ndiye sindisuntha.

Sipina_BT: Hutton ankaponya ndi lamanja bwana, lovulala linali lamanzere

Aphunzitsi Opuma: Lamanja lomwelo anamumenya marani ambiri ndi Morris ndi Bradman mpaka kaputeni Yardley kumulanda mpira. Yardley amenenso anali ofisala wa Green Howards limodzi ndi Verity, nde ankadziwa bwino amene akusowa tsiku limenelo.